Mpeni wa Gireda

Ndine ndimayendetsa gireda ya khonsolo,
yachikasu, yokalamba kundiposa,
imene imatsokomola m'mawa uliwonse wa Juni
chifunga chikameza phiri la Dedza.
Zaka khumi ndi zinayi pampando umodzimodzi.
Msewu ndimauwerenga ndi msana.

Lolemba a Gwedeza a ku ofesi ya zomangamanga
adandipatsa pepala lodinda:
msewu wa Kamtedza, makilomita asanu ndi anayi,
dizilo malita mazana atatu.
Msewuwu uli pamwamba m'buku la mapulani,
udakwera pamenepo ine ndisanamere imvi.
Makomiti adauvomera, adawomba m'manja,
adasainira ya nkhomaliro, nabalalika.

Ndidapitirira Bembeke
ana akundithamangira ngati ndanyamula mkwati.
Ku Kamtedza kachewere amawolera m'matumba
poti lole ikafika padambo imabwerera,
ndipo wogula wa panjinga yamoto
amatchula mtengo wake osatsika n'komwe.

Ndidatsitsa mpeni.
Dothi lofiira lidayamba kupindika ngati mkeka.
Makilomita awiri okha, foni m'thumba ngiriri.

"Kweza mpeni, Lufeyo. Tembenuka.
Loweruka kuli msonkhano ku Mphanje,
Olemekezeka akubwera ndi alendo."
"Bwana, wa ku Mphanje ndidaupala mwezi wathawu."
"Upalenso."

Sukulu ndidalekeza panjira
koma masamu awa ndimawatha:
bokosi la ku Mphanje lidasanza mavoti chikwi ndi mazana awiri,
la ku Kamtedza mazana anayi,
ndipo makumi atatu okha mwa iwo
ndiwo adachonga pankhope yoyenera.
Khansala wawo ngwa chipani china.
Pamsonkhano amaimika mkono mpaka dzanzi.
Msewu ukasalala, anthu adzati ndi iye.
Ndiye usasalale.

Nangozo adaima kutsogolo kwa mpeni,
khasu paphewa, mwana kumbuyo.
"Mwaiwala chiyani ku boma, achimwene?"
Ndidati makina avuta.
Injini inkalira bwinobwino pakati pathu
ngati mboni yokana kugulidwa.

Musawatukwane a Gwedeza.
Ali ndi ana atatu ku sekondale,
ndipo akukumbuka amene adakhala pampandopo iwo asanabwere,
uja ankati pulani ndi pulani.
Kalata yomusamutsa idafika
chimanga chake chisanache.

Loweruka amayi a nsalu zofanana
adavina pamsewu wopalidwa kawiri.
Olemekezeka adati, "Uwu ndi mkono wanga."
Wapampando wa khonsolo adamwetulira ndi mano okha,
mawa lake nadzazika chikwangwani chakechake
mapazi khumi kuchokera pa cha mnzake.
Ine ndinali pansi pa mkungudza, ndikukukuta chimanga chowotcha,
ndikuyang'ana dizilo wa ku Kamtedza
akuwala pansi pa matayala a alendo.

M'lipoti la mwezi adalemba kuti:
Kamtedza, ntchito ili mkati.

Mu thanki mudatsala malita makumi awiri.
Pobwerera sindidadzere pa tala.
Ndidazungulira kuphiri dzuwa litapendeka,
ndidafika padambo paja, n'kutsitsa mpeni,
kukankhira miyala m'matope, kubwereza kanayi,
mpaka singano idagona.
Gireda idagona komweko masiku asanu.
Anyamata ankailondera usiku mosinthana,
wina adandipatsa bulangete.

Kalata yanga idabwera Lachitatu:
kugwiritsa ntchito katundu wa boma popanda chilolezo,
chenjezo loyamba.
Ili pansi pa mpando. Ndimapukutira girizi.

Mukadzapita ku Kamtedza mudzawaona
makilomita awiri aja, osalala ngati patebulo,
oyambira pathengo, othera pathengo.
Lole siifikabe. Mvula idakokolola miyala yanga.
Koma madzulo ana amaphunzirirapo njinga,
amapalasa mpaka pamene foni idalirira,
n'kutembenuka.

Chisankho chili chaka chamawa.
A Gwedeza akuti ndikonzeretu matayala.
Akuti Olemekezeka ayamba kufunsa
kuti kodi ku Kamtedza
kwalembetsa anthu angati.